Za mpeni mwakonza, nanga za pamphasa?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali. Teremu yathayi inandipanikiza, kuphatikizapo magetsi akunowa amene mukuwadziwa kale. Koma nkhani iyi yandikhala pakhosi miyezi ingapo, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuilavula lero ndidzakailankhulira pamaliro a mmodzi wa inu.

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi, cha m'ma 7 koloko madzulo, mvula ya ku Mulanje ili pakati, ndinamva odi pakhomo. Kutsegula, ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa Biology zaka zingapo zapitazo, pano ali pantchito yabwino ndithu m'tauni. Dzina sinditchula, ndipo zina ndazisintha dala kuti musayambe kuwerenga pazala kuti ndi uje kapena uje. Mwini wake wandilola kuti ndilembe. Anaima pakhonde atapindika ngati agogo ochokera kunkhuni, dzanja lina pamimba, lina likukoka chikwama. Ndinamukokera mpando, iye n'kukana. Ine ndimayesa ndi ulemu wa ana asukulu uja.

"Khala pansi mwanawe, suli m'kalasi muno."

"Madamu, sindingathe kukhala."

Masiku 6 m'mbuyomo anali atachitidwa opaleshoni kudziko lina lakutali. Sikuti ankadwala. Anafuna yekha, n'kulipira yekha. Anamudula khungu lapamimba n'kulikoka kuti mimba iphwe, anamupopanso mafuta m'chiuno n'kukawaika kumatako, zija achinyamata mukuzitcha BBL. Mayi ake kumudzi ankadziwa kuti mwana wapita kukaoda katundu. Kuntchito anapempha masiku 10. Kwa ine anabwera chifukwa nyumba yanga ili ndi mpopi ndi chimbudzi cham'kati, komanso akuti chifukwa ine sindikalipa kwambiri. Amene ndinakuphunzitsani Fomu 3 mukudziwa kuti pamenepa ananama.

Mtsikanayu si wopepera. Pasipoti, viza, tikiti ya ndege, madola, hotela ya masiku 5, galimoto yomutenga pabwalo la ndege, zonse anazikonza mwadongosolo kuposa mmene ena a ife timalembera masikimu athu. Ngakhale diresi yodzavala pa chaka chatsopano anali atagula kale. Chimene sanakonze ndi tsiku la 7, la 8, ndi masiku ena onse otsatirawo. Pamimba pali bala, ndiye sangagone chafufumimba. Kumbuyo kuli mafuta ongoikidwa kumene, ndiye sangagone chagada. Kumudzutsa pabedi inali ntchito ya anthu awiri, ine ndi mdzukulu wanga.

Tsiku la 10 thupi linatentha. Iye anati ndi malungo, ndimugulire panado. Nditamasula bandeji, fungo lokha linandiuza kuti udzudzu ulibe mlandu. Bala linali litatseguka mbali imodzi, mafinya akutuluka. Ndinati tiye kuchipatala. Anakana kwamtuwagalu, akuti anamwino ena amapemphera mpingo umodzi ndi mayi ake. Analembera pa WhatsApp mayi amene anamukonzera ulendo wonse, yankho n'kubwera loti zimenezo zimachitika, azingomwa madzi ambiri. Atatumiza chithunzi cha balalo, uthengawo sunayankhidwe mpaka lero. Cha m'ma 2 koloko usiku, akunjenjemera mano gwegwegwe, ndinasiya kupempha chilolezo chake n'kukadzutsa aneba amene ali ndi galimoto.

Kuchipatala anatifunsa mafunso oyenera. Anamuchita chiyani kwenikweni? Anachotsa mafuta ochuluka bwanji? Anamupatsa mankhwala anji? Ulusi wake ndi wosungunuka wokha kapena wochita kuchotsa? Ife tinalibe pepala la dokotala ngakhale limodzi, koma lisiti ndi zithunzi za mufoni. Anthu aja anagwira ntchito, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Anatitumiza ku Blantyre, kumene anagona milungu itatu. Ali moyo. Ali ndi chipsera chachikulu kuposa chimene anamulonjeza, ndi ngongole ziwiri m'malo mwa imodzi. Ndipo mayi ake aja amene ankawabisira ndi omwe anabwera ndi mbaula, poto ndi kathumba ka ufa, n'kukhala gadiyani milungu yonseyo, akugona pasimenti.

Sukulu itatsegulidwa, nkhani inali itafika kale mu sitafurumu, poti kunoku munthu akayetsemula ku Muloza a ku Nkando amva. Apa ndi pamene ndikufuna kuyambira kukangana nanu, anzanga. Wina anati Mulungu sanalakwitse polenga. Wina anati ndi zauhule. Wina, amene tonse tikudziwa kuti amadzola mafuta oyeretsa khungu mpaka mfundo za zala zokha n'kutsala zakuda, anati atsikana amasiku ano alibe manyazi. Tinaseka, belu linalira, tinalowa m'makalasi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti mwanayo akupeza bwanji.

Ine sindikukuuzani kuti opaleshoni yotereyi ndi yabwino. Mwana wanga wobereka ndekha atandifunsa, ndingamuuze kuti ndalamazo akagulire puloti. Koma tisanamizane kuti kukonza thupi ndi khalidwe lobwera ndi intaneti. David Livingstone akudutsa m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza amayi a Chimang'anja ataboola mlomo wam'mwamba n'kuikamo pelele, ndipo kumeneko kunali kukongola. Agogo athu ambiri anapita kumanda ali ndi mphini pamasaya ndi pamimba, ena chipini pamphuno, ena atasema mano. Ifeyo timaboola makutu a ana asanayambe n'kuyenda komwe. Chasintha ndi kukula kwa mpeni ndi mtengo wake.

Komanso msika umenewu tinaumanga ndife. Ndi kangati mtsikana wowonda watchedwa Thabwa m'kalasi, mphunzitsi n'kuseka nawo m'malo moletsa? Ndi kangati mayi wa ana anayi wauzidwa pagulu, ndi mwamuna wake yemwe, kuti mimba yakeyo ikuoneka ngati amayembekezera chaka chonse? Mwana amene wamva zotere zaka 4 za sekondale, akadzayamba kulandira malipiro akeake, mukuganiza kuti ulaliki wa mu sitafurumu udzamubweza? Sudzamubweza. Chimene chitonzo chanu chimakwanitsa n'chimodzi: amapitabe, koma mobisa. Ndipo wobisa sakonza gadiyani, sapempha tchuthi chokwanira, saonana ndi dokotala wakuno asananyamuke, ndipo thupi likatentha amati ndi malungo. Mtsikana wathuyu anataya pafupifupi tsiku lathunthu bala likuwola, akuopa pakamwa pa anthu ngati ife.

Tsopano ndibwere kwa ogulitsa. Taonani bwino zimene amaika pa Facebook, Instagram ndi TikTok. Zithunzi zimakhala ziwiri, china asanachitidwe, china atachira. Chapakati simudzachiona: timapaipi totulutsa madzi ndi magazi tikulendewera pamimba, thupi litatupa ngati walumidwa ndi njuchi, munthu wamkulu akuchita kugwiriridwa popita kuchimbudzi. Chikomekome cha mkuyu chenicheni. Mtengo umene amakuuzani umathera pomwe galimoto yawo yakutulani pabwalo la ndege. Kuyambira pamenepo ndinu a amayi anu aja munawanamiza.

Musaganize kuti ngozi zake zimasankha osauka. Mayi Stella Obasanjo, mkazi wa pulezidenti wa Nigeria panthawiyo, anamwalira pa 23 October 2005 ku Spain atachitidwa opaleshoni yopopa mafuta, ndipo mu 2009 khoti la ku Malaga linapeza dokotala wake wolakwa chifukwa chosasamala. Donda West, mayi wa woimba Kanye West, anali mphunzitsi ngati ife, pulofesa wa Chingerezi ku Chicago. Anachitidwa opaleshoni yochepetsa mabere ndi mimba, anakachirira kunyumba, mawa lake pa 10 November 2007 n'kumwalira. Imfa yake inachititsa kuti mu 2009 boma la California likhazikitse lamulo loti munthu aziyamba wapimidwa thupi lonse asanachitidwe opaleshoni yodzikongoletsa. Amayi awiriwa anali ndi ndalama, magalimoto, ndi zipatala zapamwamba pafupi. Ife tili ndi kabaza.

Mu January 2024 bungwe la CDC la ku America linalengeza kuti nzika 93 za dzikolo zinamwalira pakati pa 2009 ndi 2022 zitapita kukachitidwa maopaleshoni otere ku Dominican Republic. Mwa amene mitembo yawo inapimidwa, ambiri anafa chifukwa mafuta kapena magazi oundana anakatseka mitsempha ya m'mapapo. BBL ndiyo yoopsa kuposa zonse. M'minofu ya matako mumadutsa mitsempha ikuluikulu, ndipo mafuta akabayidwa mozama n'kulowa mumtsempha, ulendo wake ndi wa kumtima ndi m'mapapo. Kafukufuku wa madokotala a ku America wa mu 2017 anayerekeza kuti munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 3,000 ankafa nayo. Mu 2018 bungwe la madokotala a maopaleshoni amenewa ku Britain, la BAAPS, linapempha mamembala ake kuti ayambe asiya. Linawalolanso mu 2022, koma pokhapokha mafutawo akuikidwa pansi pa khungu osafika m'minofu, dokotala akuona ndi sikani, yonga ija ya amayi oyembekezera. Ndiye funso ndi limenelo: mafuta mukawaika pati, ndipo mukaona ndi chiyani? Ajenti amene sangayankhe zimenezi ndi wogulitsa matikiti chabe.

Nanga ulendo wobwerera? A NHS ku Britain amalangiza anthu awo kuti asakwere ndege kwa masiku 5 mpaka 7 atachitidwa opaleshoni ya mabere kapena yopopa mafuta, ndi masiku 7 mpaka 10 ngati ndi ya nkhope kapena yodula mimba. Amenewo ndi malangizo a munthu amene akuchoka ku Istanbul n'kukatera ku London patapita maola anayi, ambulansi ili pafoni. Wathu wochokera ku Turkey kapena ku India amakasintha ndege ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, n'kudikira pabenchi maola ambiri. Akatera pa Chileka apeze yopita ku Limbe, ndiyeno minibasi ya msewu wa Midima, makilomita oposa 60, anthu anayi pampando wa atatu, kondakitala atamusanjika thumba la kabichi pamaondo. Wochokera ku Joni pabasi adutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, masiku awiri ali chikhalire.

Ana anga, mu Fomu 3 ndinakuphunzitsani kuti magazi a m'miyendo amabwerera kumtima chifukwa minofu ikamagwira ntchito imafinya mitsempha. Munalemba m'makope, ena munakhoza bwino pa MSCE. Munthu akakhala malo amodzi maola ambiri, makamaka atangochitidwa opaleshoni, magaziwo amatha kuundana m'katumba wa mwendo, ndipo kachidutswa kake kakasuntha kamakatseka m'mapapo. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mpweya ukayamba kubanika mwadzidzidzi, kapena pachifuwa pakamabaya, musadikire kuti kuche. Chiopsezo chimenechi sichitha tsiku lotuluka m'chipatala, chimakhalapo milungu ingapo. N'chifukwa chake madokotala amati munthu aziyendayenda pang'onopang'ono m'nyumba, osangogona tsiku lonse. Koma woyenda atapindika amafuna womugwira mkono.

Tiyeni tsono tiwerenge masabata 6 amene madokotala amanenawo, koma tiwawerengere kuno kwathu. Amati wodulidwa pamimba asanyamule cholemera. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo mjigo subwera pakhomo. Asabereke mwana kumbuyo. Kusinja, kuchapa chowerama, kukolopa, kusesa ndi katsache kathu kakafupi kaja, zonsezi zimakoka bala. Chimbudzi chokumba chimafuna kunyonyomala, kangapo patsiku, ulusi uli pamimba. Woikidwa mafuta kumbuyo amauzidwa kuti asakhalire matako kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, kenako azikhala pa pilo wapadera, chifukwa mafutawo amafunika kumera timitsempha tatsopano kuti akhale ndi moyo, ndipo akaponderezedwa amafa. Ngakhale utasamala bwanji, gawo lina limasungunuka ndithu. Tsono tandiuzani, pakabaza wopita ku Likhubula munthu amakhalira chiyani?

Pali chovala chothina ngati lamba chimene amati uzivala usana ndi usiku kwa milungu yambiri. Talingalirani chovala chimenecho m'kutentha kwa October, kapena m'chinyezi cha January pamene ngakhale yunifolomu ya mwana imatenga masiku awiri kuti iume. Chimafuna kuchapidwa, ndiye zimafunika ziwiri. Mabandeji amafuna manja oyera ndi madzi owiritsa. Bala limafuna chakudya chomanga thupi, mazira, nyemba, usipa, nkhuku, pamene mwini wake wagwetsera ndalama zonse pa tikiti.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, poti ndikudziwa kuti pakati pathu alipo amene akusunga ndalama mwakachetechete, tengani kalendala ya sukulu muyang'ane. Tchuthi cha Khirisimasi ndi cha Pasaka sizikwana masabata 6. Mudzabwerera m'kalasi bala lisanapole, mudzaima mapiriyodi asanu, ndipo ngati opaleshoni yanu inali ya mabere mudzazindikira kuti kulemba pamwamba pa bolodi kumafuna kukweza mkono. Mukalephera, Fomu 4 yanu idzakhala yopanda mphunzitsi mayeso ali pafupi, ndipo ana amenewo sanapemphe nawo. Tchuthi chachitali cha kumapeto kwa chaka cha sukulu ndicho chikuoneka chabwinoko, koma nachonso chili ndi msampha umene ife aphunzitsi tiyenera kuudziwa kuposa wina aliyense. Magazi ambiri amene a Malawi Blood Transfusion Service amatolera amachokera kwa ana asukulu ndi a m'makoleji, omwewa timawaimika pamzere galimoto ya magazi ikabwera. Sukulu zikatsekera, magazi amachepa m'zipatala. Nthawi imene mphunzitsi ali ndi mpata wochira ndi yomweyo imene botolo la magazi likulimbiranidwa ndi mayi amene wataya magazi pobereka ndi mwana amene malungo amumaliza magazi.

Za ndalama ndinena mwachidule, poti tonse timadziwa mmene payslip imaonekera ngongole zikadula. Ngati ndalama imene muli nayo ikungokwanira opaleshoni ndi tikiti, ndiye kuti ndalama ya opaleshoni mulibe. Pamafunika ina yokhalira kunjako masiku owonjezera dokotala akati musakwere ndege, ina ya chipatala cholipira zinthu zikavuta kuno, ina yodyetsera wokusamalirani. Masikimu a zachipatala kawirikawiri salipira opaleshoni yodzikongoletsa ndi mavuto ake, ndiye funsani musananyamuke, ndipo yankholo akulembereni. Kumbukiraninso November 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Wofunika kubwerera kuti akamukonzenso amalipira m'madola, malipiro ake ali m'makwacha. Katapila ndi banki mkhonde sadziwa kuti bala latseguka.

Chinanso chimene chinsinsi chimawononga ndi kunena zoona kwa dokotala. Munthu amene wazolowera kubisa amabisa ndi kwa wogwira mpeni yemwe. Ngati mukumwa ma ARV, nenani. Ngati muli ndi shuga, BP, kapena magazi anu amakhala ochepa, nenani, ndipo kayezetseni kuno musanalipire kalikonse. Fodya amachedwetsa bala kupola. Mapiritsi ena olera amawonjezera chiopsezo cha magazi kuundana, moti madokotala amatha kukuuzani kuti muwasiye milungu inayi opaleshoni yaikulu isanachitike n'kugwiritsa njira ina. Mankhwala azitsamba nawonso atchuleni. Ndipo yang'anani khutu lanu pamene munaboola, kapena chipsera chilichonse chakale. Ngati chinatupa n'kukula kupitirira pamene panali bala, dziwani kuti ife akhungu lakuda zipsera zotere zimatigwira kwambiri kuposa azungu amene ali pazithunzi zija, ndipo bala la opaleshoni ya mimba limayambira chiuno china kukafika chinzake.

Dokotala wa kuno mungamufufuze ku Medical Council of Malawi, wa ku South Africa ku HPCSA. Wa kwina kulikonse, funsani dzina lake lenileni ndi kumene analembetsa, osati dzina la tsamba la pa Instagram. Musachoke m'chipatala chake opanda lipoti lolembedwa m'Chingerezi lonena zonse zimene wakuchitani ndi mankhwala amene wakupatsani. Pepala limenelo likanakhalapo usiku uja, sibwenzi a chipatala akuyamba ndi kulota.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti ife pa nkhani ya kuchira tinali akatswiri. Mayi akabereka ankakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, amayi anzake akumuphikira, kumutungira madzi ndi kumuthowa. Anyamata kuno kwathu ankapita kuthezo nyengo yozizira, anthu atakolola, ndipo sankatuluka mabala asanapole. Chakudya chinkachokera kumudzi tsiku ndi tsiku, owayang'anira ali pomwepo. Sindikunena kuti zonse za kuthezo zinali zabwino, ena ankabwerako ndi matenda, ndipo ndinakanganapo nawo akuluakulu pa zimenezo. Koma palibe ankalola mpeni kukhudza mwana asanadziwe kuti aphika ndani. Ngakhale mdulidwe wa kuchipatala, bambo aliyense amadziwa za masabata 6 ake, ndipo amaseka nazo pabawo popanda manyazi. Wopita kukabereka pa mpeni timamuperekeza ndi gadiyani, zitenje ndi beseni. Zatheka bwanji kuti mwana wathu wophunzira, wodziwa kugula tikiti ya ndege pafoni, adulidwe kuchoka chiuno china kufika china n'kubwera yekha pa minibasi? Walira mvula walira matope, tonse timaudziwa mwambiwu, koma matope ake tamusiyira yekha.

Mnzanga wina wa dipatimenti ya sayansi, munthu amene ndimamulemekeza, anandipatsa mfundo yolemera kuposa zonse za mu sitafurumu zija. Anati bedi limene mtsikanayu anagonapo milungu itatu linali la wina. Ndipo akunena zoona. Madokotala odziwa kukonza khungu m'dziko muno ndi owerengeka. Ku Queens kuli wodi ya anthu opsa ndi moto, kumene kumadzaza ana ogwera pamoto nyengo ya chisanu ndi odwala khunyu ogwera pambaula. Kuli ana obadwa ndi milomo yong'ambika amene amadikira a Operation Smile. Dokotala wakunja walandira madola, koma mafinya akutsukidwa ndi namwino wa boma, ndi magolovesi ogulidwa ndi msonkho wa mayi wothyola tiyi ku Lujeri. Zimenezi si chilungamo, ndipo aliyense wofuna opaleshoniyi ayenera kuziyang'ana m'maso.

Koma mfundo imeneyi ikuthandiza mbali yanga, achimwene. Bala limene laonedwa tsiku loyamba kutentha nthawi zambiri limafuna kutsukidwa ndi mankhwala, munthu n'kumachokera kunyumba. Limene labisidwa limafuna fiyeta, dripu ndi bedi la milungu itatu. Amene anasunga ndalama yochirira amapita kuchipatala cholipira n'kusiyira bedi la boma mwana wopsa uja. Mukamatonza, mukuchulukitsa obisa, ndipo obisa ndiwo amadzaza mabedi.

Ena mwayamba kale kunena kuti Madamu akulimbikitsa ana kukadulitsa matupi. Mawu amenewa ndinawamvanso pamene tinkayamba kuphunzitsa za makondomu mu Life Skills, ndipo ena mwa amene ankakuwa kwambiri nthawi imeneyo tinawaika m'manda tokha. Ndaona kuti mtsikana akakhala pansi n'kuwerengadi masabata 6 aja, ndowa, chimbudzi, kabaza, magazi, madola, kawirikawiri chilakolako chimazirala chokha kuposa mmene vesi lililonse lingachiziralitsire. Amene chilakolako chake sichizirala, thupi ndi lake, ndalama ndi zake, ndipo ndi wamkulu. Kwa ameneyo ndikufuna zinthu zochepa: andiuze dzina la munthu amene adzagone naye chipinda chimodzi milungu iwiri yoyambirira, munthu amene akudziwa zoona osati za kukaoda katundu. Andiuze nyumba imene adzachirire ndi mtunda wake kukafika ku chipatala cha boma pa Boma kapena ku Mulanje Mission, ndi galimoto ya ndani imene idzadzuke usiku. Andiuze dokotala kapena kiliniko ofesala wakuno amene waonana naye kale, amene adzachotse timapaipi ndi ulusi. Akalephera kuyankha zimenezi, tsiku la opaleshoni lisunthe.

Ndipo kwa inu a mu sitafurumu, mwana wathu wakale kapena mphunzitsi mnzathu akadzabwera atapindika, funso loyamba likhale loti thupi likutentha kapena ayi. Za Mulungu ndi chilengedwe mudzakambirana akadzachira, nthawi idzakhalapo yambiri.

Chichitikireni zimenezi, ana anga ena awiri andilembera, atamva mphekesera kuti Madamu anasunga wina. Onse awiri anali atalipira kale theka. Ndinawatumizira mafunso omwewa. Woyamba anakwiya masiku atatu, kenako anandiyankha kuti wasuntha ulendo kufika August, wauza azakhali ake, ndipo azakhaliwo atamukalipira mokwanira avomera kudzakhala naye. Wachiwiri anawerenga uthengawo, timizere tiwiri tinasanduka tobiriwira, koma sanayankhe, ndipo sabata yathayi ndaona waika chithunzi ali pabwalo la ndege. Mwanawe, ngati ukuwerenga izi, nambala yanga sinasinthe, chipinda chija chili chomwecho, ndipo aneba a galimoto ndawauza kale kuti asamazimitse foni usiku.